Wakufa Saonera Maliro Ake

Munthu akadzipha m'sewero la pa wailesi yakanema, wotsogolera seweroli akangoti basi, malemuyo amadzuka, n'kusasa fumbi, n'kupita kukalandira malipiro ake. Mawa lake timamuona m'sewero lina ali wamoyo, mwina akumanga kumene ukwati. Amene amatsala ndi imfayo ndi woonera, ndipo pakati pa oonera zikwizikwi sipalephera mmodzi amene wakhala pansi kutsogolo kwa kanemayo atatopa kale ndi moyo. Mkangano wanga ndi alembi anzanga a masewero uli pa munthu ameneyu. Ine ndikuti momwe masewero ambiri amaonetsera kudzipha ndi bodza, ndipo ndi bodza limene laikitsa anthu m'manda. Anzanga ena akuti ayi, ife ndife kalilole chabe, timangoonetsa zimene zikuchitika kale m'mudzi. Kalilole ameneyu ndikufuna timuyang'anitsitse.

M'chaka cha 1981 wailesi yakanema ya ZDF ya ku Germany idaonetsa sewero la magawo 6 lotchedwa Tod eines Schülers, kutanthauza imfa ya mwana wa sukulu. Cholinga cha olikonza chidali chabwino zedi. Ankafuna kuti makolo ndi aphunzitsi adzifunse kuti mnyamata wa zaka 19, Claus Wagner, adafika bwanji podzichotsera moyo anthu onsewo ali pomwepo. Gawo lililonse linkafotokoza nkhaniyo monga adaionera munthu wina: lero makolo, ulendo wina aphunzitsi, kenaka anzake a m'kalasi, kenaka bwenzi lake. Koma gawo lililonse linkayamba ndi chithunzi chimodzimodzi, cha mnyamatayo akupita kukafa. Dziko lonse lidaona imfa imodzi yomweyo mobwerezabwereza, sabata ndi sabata.

Akatswiri awiri a ku Mannheim, Armin Schmidtke ndi Heinz Häfner, adawerenga maliro amene adatsatira, ndipo zotsatira zake adazisindikiza mu 1988. Adapeza kuti m'masiku 70 kuchokera pamene seweroli lidayamba, chiwerengero cha anyamata a zaka 15 mpaka 19 amene adadzipha m'njira yomwe Claus adadziphera chidakwera ndi 175 peresenti. Akuluakulu opitirira msinkhu umenewu sadakhudzidwe motero. Amene adachuluka kwambiri m'manda ndi ofanana ndi Claus, anyamata a msinkhu wake. Mu 1982 wailesiyo idabwerezanso seweroli, ndipo chiwerengero chidakweranso, ngakhale mocheperapo, pakuti oonera nawonso adali ochepa. Wina anganene kuti anawo akadafabe, seweroli lidangofulumizitsa tsiku. Akatswiriwo adaziganiziranso zimenezo. Zikadakhala choncho, miyezi yotsatira chiwerengero chikadatsika kupitirira mwa nthawi zonse. Sichidatero. Adali maliro oonjezera.

Kalilole sachita zotere. Ine sindidamvepo kuti munthu watuluka chipsera pamphumi chifukwa chodziyang'ana pa kalilole.

Nkhaniyi ndi yakale kuposa kanema. Mu 1774 Goethe adatulutsa buku lonena za Werther, mnyamata amene adadzipha chifukwa chokonda mkazi wa mwini, ndipo mbiri idawanda kuti achinyamata akumutsanzira, mpaka mzinda wa Leipzig udaletsa bukulo. Patapita zaka 200, mu 1974, katswiri wa ku America David Phillips adaonetsa kuti nyuzipepala zikaika nkhani ya munthu wodzipha pa tsamba loyamba, odzipha amachuluka m'masabata otsatira, ndipo mchitidwe wotsanzirawu adaupatsa dzina la Werther. Kanema adangoonjezera nkhope, misozi ndi nyimbo.

Anzanga amene amati bola cholinga chikhale chophunzitsa, amve za ku Britain. M'mwezi wa Novembala 1996 sewero la BBC la m'chipatala lotchedwa Casualty lidaonetsa woyendetsa ndege za nkhondo atamwa mankhwala ena ochuluka pofuna kudzipha. Dzina la mankhwalawo sindilitchula pano, ndipo pofika kumapeto kwa nkhani ino mukhala mutadziwa chifukwa chake. Seweroli lidaonetsa bwino lomwe kuopsa kwa mankhwalawo, momwe amaonongera chiwindi munthu akuyesa kuti wapulumuka. Phunziro lidalipo ndithu. Keith Hawton wa ku Oxford ndi anzake adasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala 49 ndipo adapeza kuti sabata yotsatira, anthu obwera atamwa mankhwala mwadala adachuluka ndi 17 peresenti, sabata yachiwiri ndi 9 peresenti. Mwa odwala amene adaonera gawolo, 20 peresenti adanena okha kuti lidawalimbikitsa kuchita zimene adachitazo. Mlembi ankachenjeza, koma munthu wosweka mtima adatolapo njira, chenjezo n'kulisiya pomwepo.

Koma sewero limene landiutsa kuti ndilembe ndi la ku America, 13 Reasons Why, limene Netflix idatulutsa pa 31 Malichi 2017 kuchokera m'buku la Jay Asher la 2007. Mtsikana wa ku sekondale, Hannah Baker, wadzipha. Asanafe adajambula mawu ake m'makaseti, mbali 13, ndipo mbali iliyonse ikuloza chala munthu amene adamulakwira: amene adamunenera miseche, amene adafalitsa chithunzi chake, amene adamugwiririra, mlangizi wa pasukulu amene adalephera kumumvetsa. Makasetiwo akuyenda dzanja ndi dzanja. Aliyense wotchulidwa ayenera kuwamvera mpaka kumapeto. Anthu amene sankamulabadira ali moyo tsopano sakugona tulo, akunjenjemera, akulira, akukangana. Ndipo m'gawo lomaliza kanema adaonetsa imfa yakeyo poyera kwa mphindi pafupifupi zitatu, njira yonse, chimene bukulo silidachite.

Ambiri adakwiya ndi mphindi zitatu zimenezo, ndipo adakwiya moyenera. Koma ine ndikuti poizoni weniweni adali m'maola onse aja otsala. Kwa magawo 13 wakufa akulankhula. Tikumva mawu ake, tikuona nkhope yake yokongola ikuyenda m'makonde a sukulu, ndipo iye ndiye akuyendetsa mlandu, iye ndiye mboni, iye ndiye woweruza. Ali moyo adali wopanda mphamvu. Atafa mudzi wonse uli m'manja mwake. Kodi mwana wa zaka 15 amene akunyozedwa kusukulu, amene kunyumba palibe womufunsa kuti wadzuka bwanji, atolapo chiyani pamenepa? Atolapo kuti ukafa ndi pamene anthu amamva.

Ganizo limeneli si lachilendo kwa aliyense wa ife. Ndani ali mwana, atakwapulidwa pa mlandu wa mnzake, sadagonepo pamphasa akulingalira kuti atangofa usiku womwewo amayi ake akadalira chotani, ndipo onse akadadziwa kuti adamulakwira? Maganizo amenewa amakoma chifukwa mwanayo amadziona ali pomwepo, atabisala kuseri kwa nkhokwe, akuonera maliro ake omwe. Tikamakula timazindikira pamene pali chinyengo: sudzakhalapo. Kupepesa kudzabwera, mwina, koma khutu lomva kupepesako kulibe. Anamfedwa adzalira, adzukulu adzafotsera, anthu adzadya nsima ya pamaliro n'kubalalika, ndipo sabata yamawa amene adakulakwira adzapita kumsika monga mwa masiku onse. Sewero la mtundu wa Hannah Baker limachotsa choonadi chimodzi chokhachi, chimene chimabweza mwana ku maloto oipawo. Limamupatsa mpando wakutsogolo pa maliro ake. Apa ndi pamene ndikuti pali bodza, ndipo amene amalitcha kulimba mtima kwa mlembi sadaliganizire bwino.

Zotsatira zake zidawerengedwanso. John Ayers ndi anzake adapeza kuti m'masiku 19 oyambirira, kufufuza nkhani za kudzipha pa Google kudakwera ndi 19 peresenti. Ena ankafufuza kopeza chithandizo, zimene ndi zabwino, koma enanso ankafufuza njira. Mu 2019 Jeffrey Bridge ndi anzake adalengeza kuti m'mwezi wa Epulo 2017 chiwerengero cha ana a zaka 10 mpaka 17 odzipha ku America chidakwera ndi 28.9 peresenti. Dziko la New Zealand lidachita kukhazikitsa lamulo latsopano loti osakwana zaka 18 aonere seweroli pokhapokha ali ndi kholo kapena wowayang'anira. Netflix idadula mphindi zitatu zija mu Julayi 2019, patatha zaka ziwiri, madzi atatayika kale.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindiibisa. Daniel Romer wa ku Pennsylvania adawerenganso ziwerengero zomwezo mu 2020 n'kunena kuti kudzipha pakati pa achinyamata a ku America kudali kukukwera kale, ndipo ukachotsapo kukwera kumeneko, mbali ya seweroli siioneka bwino. Adakumbutsanso kuti amene adachuluka kwambiri m'kafukufuku wa Bridge adali anyamata, pamene mwini nkhani adali mtsikana. Ndi mfundo yomveka. Palibe amene angaloze manda amodzi n'kulumbira kuti uyu adaphedwa ndi kanema. Ndipo n'zoona kuti oonera ambiri, mwina 99 mwa 100 aliwonse, adazimitsa kanema n'kukagona bwinobwino, ena adayamba kucheza ndi ana awo nkhani zimene kale ankaziopa. Koma za ku Germany zija, zimene zidachitika kawiri, Romer sadazifafanize. Za ku Britain zikadali pomwepo. Ndipo ngakhale titati umboni wa sewero limodzi ukukayikitsa, funso langa kwa mlembi ndi ili: iwe utaya chiyani ukapanda kuonetsa njira? Utaya mphindi zitatu. Nanga ukaonetsa, winayo angataye chiyani? Mayi wophika phala la ana khumi akauzidwa kuti mmodzi mwa anawo sayanjana ndi nsinjiro, sanena kuti asanu ndi anayi aja zimawakomera.

Chifukwa chimene njira ilili nkhani yaikulu n'choti ganizo lodzipha nthawi zambiri limabwera ngati mvula ya mkuntho, lamphamvu koma losakhalitsa. Richard Seiden adalondola anthu 515 amene adaletsedwa atatsala pang'ono kudzipha pa mlatho wina wa ku San Francisco pakati pa 1937 ndi 1971. Mu 1978 adalengeza kuti 94 peresenti mwa iwo adali akadali moyo kapena adamwalira ndi matenda wamba. Sadapite kukafuna njira ina. Mkuntho udadutsa. Ku Sri Lanka, dziko la alimi ngati lathu lino, boma lidaletsa mankhwala ena oopsa a m'munda, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chidatsika ndi pafupifupi 70 peresenti. Umphawi sudathe, mabanja sadasiye kukangana, koma chinthu chakupha chidachoka pafupi. Munthu amene ali pakati pa mkuntho amakhala wa mitima iwiri, ndipo chimene chimamuchedwetsa kawirikawiri ndi kusadziwa ndi mantha. Sewero loonetsa njira mwatsatanetsatane, mopanda ululu, nyimbo yokoma ikulira chapansipansi, limamuchotsera zonse ziwiri.

Ndikudziwa chimene chikuwawa anzanga ena powerenga izi. Ife alembi a ku Malawi mawu oti "usaonetse" timawadziwa kumene adachokera. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la 1968 lidatisautsa zaka zambiri. Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Dziko lino lidakhala lopanda wailesi yakeyake yakanema mpaka 1999. Tidavutikira ufulu wolemba, ndipo aliyense wobwera ndi lumo timamuyang'ana ndi diso lofiira. Koma ine sindikuitana bungwe la boma. Sindikunenanso kuti nkhani ya kudzipha isalembedwe. Kukhala chete nako kwapha anthu ambiri, makamaka amuna, amene adaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Chimene ndikunena ndi nkhani ya luso ndi ya chikumbumtima, zinthu zimene mlembi amadzilamulira yekha. Sing'anga amene sapereka mankhwala ena kwa mayi woyembekezera sadaletsedwe ndi a polisi. Amangoidziwa ntchito yake.

Ndipo alembi akuluakulu adaidziwa ntchitoyi kalekale. Ambiri a ife tidawerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya 1958. Okonkwo amadzipha, koma Achebe satipititsa kukaonerera. Timafika zitachitika kale, pamodzi ndi bwanamkubwa wachizungu ndi asilikali ake, ndipo chimene timaona ndi anthu a mtundu wake akulephera ngakhale kukhudza thupi la ngwazi yawo, akupempha alendo kuti awaikire. Kenaka mzungu uja akulingalira zoti nkhani yonse ya munthu ameneyu ikwanira kandime kamodzi m'buku limene akulemba. Palibe wopepesa. Palibe amene wagonja chifukwa cha imfayo. Okonkwo wangosowa, ndipo mbiri yake yatsala m'manja mwa mdani wake. Imfa yotere imapweteka wowerenga kwa zaka zambiri, koma palibe mnyamata amene angaisirire.

Tsono tiyang'ane zathu. Kwa zaka zambiri ndawerenga nthano zazifupi za Chichewa m'nyuzipepala ndi m'mipikisano, ndaoneranso masewero a pa nsanja ndi a pa kanema, athu ndi a ku Nigeria omwe. Mathero amodzi amabwera kawirikawiri mpaka umachita kuwanunkhiza patali. Mtsikana wapatsidwa mimba n'kukanidwa. Bambo wapeza mkazi wake ndi mnzake wa pamtima. Mnyamata walephera mayeso a Fomu 4. Mlembi waona kuti masamba atha, kapena nthawi ya pa kanema yakwana, ndipo sakudziwa kuti amutulutse bwanji munthu wake m'dzenje limene wamukumbira. Basi amupha ndi dzanja lake lomwe, n'kusiya kalata patebulo. Kalatayo iwerengedwa pamaliro mokweza, wolakwa agwa pansi n'kumagubuduzika, ndipo oonera apita kwawo atakhutira kuti chilungamo chachitika. Ameneyu ndi Hannah Baker yemwe uja, wangovala chitenje. Umenewu ndi ulesi. Mlembi wagwiritsa ntchito mtembo ngati chitseko chothawira.

Ulesi umenewu umaphunzitsanso bodza lachiwiri, loti munthu amadzipha pa chifukwa chimodzi. Mimba, ndiye imfa. Ngongole, ndiye imfa. Ngati kuti ndi masamu a Sitandade 2. Malipoti a apolisi kuno kwathu akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti ochuluka mwa odzipha ndi amuna, ndipo zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Koma amuna a ngongole m'dziko muno ndi angati? Mabanja okangana ndi angati? Pafupifupi onsewo ali moyo. Kuseri kwa chifukwa chimene chimalembedwa mu lipoti kumakhala zina zimene zidaunjikana pang'onopang'ono: matenda a maganizo amene palibe adawazindikira, mowa, kusowa tulo kwa miyezi, manyazi, kusowa womuuza. Zambiri mwa izi zili ndi chithandizo. Sewero likamati ngongole yokha ndiyo idapha, likuuza bambo aliyense amene wakatapila akumusakasaka kuti anzake a vuto ngati lake amathera pamenepo.

Tisaiwalenso momwe ife timaonerera kanema. Ku America sewero lotere limayamba ndi chenjezo, limatha ndi nambala ya foni yoti woonera wovutika aimbe, ndipo ngakhale zili choncho tamva zimene zidachitika. Kwathu kuno filimu imayenda pa memore khadi, kuchoka m'foni kupita m'foni, chenjezo litadulidwa kalekale. M'tinyumba toonetsera mafilimu m'misika ya m'matauni ndi ya kumidzi, mwana wa zaka 9 amakhala pa benchi limodzi ndi bambo wa ndevu, ndipo womasulira filimu m'Chichewa amathira nthabwala ngakhale pamene munthu akufa. Mwana akatuluka m'menemo mutu utasokonezeka, apita kwa yani? Zipatala zodziwika za matenda a maganizo ndi ya ku Zomba ndi za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo anthu ambiri amaziopa poganiza kuti ndi za amisala okhaokha. Kuchipatala cha boma cha m'boma lililonse munthu angathe kukafotokoza vuto lotere n'kuthandizidwa, koma ndi masewero angati amene adamuonetsapo munthu akuchita zimenezo? Mu 13 Reasons Why wamkulu yekhayo amene Hannah adamudandaulira adamukhumudwitsa, ndipo mwana woonera adaphunzira kuti kuuza akuluakulu n'kutaya nthawi.

Njira ina ilipo, ndipo nayonso idayesedwa. Ku Vienna, pakati pa chaka cha 1987, atolankhani adagwirizana zosiya kulemba mokokomeza za anthu odzipha m'masitima a pansi pa nthaka a mumzindawo, ndipo m'miyezi 6 yotsatira chiwerengero chawo chidatsika ndi kupitirira 70 peresenti. Mu 2010 Thomas Niederkrotenthaler wa mumzinda womwewo adapeza china choposa pamenepa: nyuzipepala zikalemba za munthu amene adafika pamapeto koma n'kupeza njira yopitirizira moyo, odzipha amachepa m'masiku otsatira. Kutsanzira kumagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Zimenezi adazipatsa dzina la Papageno, wosaka mbalame wa m'sewero loimba la Mozart la 1791, amene poganiza kuti wataya wokondedwa wake adatsala pang'ono kudzipha, koma anyamata atatu adamupeza n'kumukumbutsa kuti ali ndi china choti ayese. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa kabuku ka malangizo kwa okonza mafilimu ndi masewero, ndipo mfundo zake ndi zomwezi: musaonetse njira, musapeputse zifukwa, onetsani anthu akupeza chithandizo, funsani amene adadutsamo. Sikabuku kakakulu. Mlembi angakamalize asanamalize kapu ya tiyi.

Ena adzati nkhani ya munthu amene sadafe ndi yozizira, siigwira mtima. Ine ndikuti ndi yovuta kulemba, n'chifukwa chake timaithawa. Tengani bambo uja wa katapila. Watuluka m'nyumba pakati pa usiku ana ali m'tulo, ndipo panjira wakumana ndi mlonda wa pa chigayo, munthu amene samudziwa bwino, amene wangoona kuti mayendedwe akewo si abwino n'kumuitanira pamoto. Akhala pamenepo mpaka tambala woyamba. Kwacha. Ngongole ikadalipo, wakatapila abwera 8 koloko monga adanenera, mkazi sakudziwabe kuti ndalama za feteleza zidapita kuti, ndipo bamboyo ali pakhonde la nyumba yake, nsapato zitanyowa ndi mame, chitseko chikutsegulidwa. Mlembi ayenera kupeza mawu oyamba amene munthu ameneyu anene kwa mkazi wake.